Miyezi Isanu Imene Ndinakana Ablesheni

Chizindikilo choyamba chinabwela m'nyengo yozizila, ndikulemba masamu pabolodi pa sukulu ya pulaimale imene ndimaphunzitsa ku Petauke. Mtima unayamba kuphiliphitha m'chifuwa, kuthamanga kenako n'kudumpha. Ndinakhala pampando ana a giledi 6 akundiyang'ana. Patapita mphindi khumi unakhazikika, ndipo sindinauze munthu. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu.

Pofika nyengo yotentha, vutoli linkabwela kawili kapena katatu pa sabata. Ndikayenda kuchoka kumsika kufika kunyumba ndinkapuma wefuwefu, mutu uli zungulizunguli. Amuna anga, aDaka, ananditengela kuchipatala cha boma. Tinafika mamawa, tinalembetsa khadi, n'kudikila pabenchi mpaka masana. Nesi anandimata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa pepala la mizele yokhotakhota. Dokotala anati zipinda zam'mwamba za mtima wanga zikungonjenjemela m'malo mogunda mwadongosolo, ndipo magazi akhoza kuundana n'kuyambitsa sitiloko. Anandipatsa mapilitsi ochepetsa liwilo la mtima ndi ena oletsa magazi kuundana.

Ntchito zapakhomo zinandikanika. Mng'ono wanga Eneless anabwela kuchokela kwathu ku Ndake, m'boma la Nyimba, kudzandithandiza. Ndimasiyana naye zaka khumi ndi ziwili. Ankanyamula zigubu ziwili zamadzi nthawi imodzi akuimba, pamene ine ndinkalephela kuyanika bulangeti pachingwe. Ana anga anayamba kufunsa iye kumene kuli yunifomu yawo. ADaka akaweluka kuntchito ankaima kukhitchini n'kumaseka naye zachilamu, ine ndili chigonele kuchipinda, ndikumva chilichonse. Sanachite cholakwa chimene ndingaloze. Komabe ndinkadana ndi kuseka kwakeko, ndi miyendo yake yosatopa. Ngakhale kudya kwake kwa mtima pansi kunkandiwawa.

Mapilitsi anathandiza miyezi yochepa, kenako anayamba kulephela. Ananditumiza kwa katswili wa mtima ku Lusaka. Iye anandifotokozela za ablesheni. Amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wam'mphechepeche mwa mwendo mpaka kumtima, n'kutentha timalo ting'onoting'ono timene timasokoneza kagundidwe. Sanandibisile kuti pangakhale kutaya magazi, komanso kuti ena amafunika kubweleza. Anati ndidzafunika kukhala mu Lusaka pafupifupi masabata awili, kuti andiyeze asanachite ndi pambuyo pake.

"Amai Daka, kusankha n'kwanu," anatelo. "Koma mtima ukathamanga chonchi nthawi yaitali umafooka."

ADaka sakanatha kusiya ntchito masabata awili. Ndiye kuti ine ndikanakhala kwa azakhali anga ku Lusaka, iwo n'kutsala kunyumba ndi Eneless. M'basi pobwelela, tisanafike pa mlatho wa Luangwa, ndinali nditasankha kale. Ndinauza aliyense kuti ndikuopa kufela pa tebulo la opaleshoni. Anandimvela chisoni, ndipo azimai akutchalitchi anabwela kudzandipemphelela kuti mantha achoke. Mantha analipo, koma sindiwo anandiletsa.

Ndinakhala choncho miyezi isanu. Ndinkawelenga mphindi zimene aDaka akhala kukhitchini. Ndinkapeza zifukwa pa ndiwo zimene Eneless waphika, mchele wachuluka, mafuta achepa, iye n'kungoti, "Pepani asisi, mailo ndidzakonza." Mapazi anayamba kutupa mpaka nsapato zinakana kulowa. Lolemba lina m'nyengo yamvula ndinagwa pa asembule, pamaso pa sukulu yonse.

Ndinagonekedwa masiku anayi. Eneless ndiye ankandisambitsa ndi kunditayila madzi. Tsiku lachitatu masana, akundipesa tsitsi, analankhula osandiyang'ana kumaso.

"Ndikudziwa chimene mukukanila ku Lusaka. Munda wanga wa thonje chaka chino sindinalime. Amene anandifunsila ukwati watopa kudikila, wakwatila wina. Ine ndinabwelela inu, osati alamu. Ngati vuto ndine, tipite tonse ku Lusaka, ana akhale ndi atate awo."

Sindinapepese tsiku limenelo. Ndinatembenukila kukhoma. Chimene chinandipweteka n'chakuti ngakhale pa kuleza mtima anali atandiposa.

Tinapita limodzi. Tinadikila masabata atatu kuti dzina langa lifike pa ndandanda. Pa tsikulo sindinadye kuyambila m'mawa. Anandibaya jekeseni wogonetsa, ndipo nditadzuka nesi anandiuza kuti ndigone chagada maola angapo osapinda mwendo. Pamalo pamene analowetsa kachubu panali bandeji yaing'ono chabe. Ndinaika dzanja pachifuwa n'kumva mtima ukuyenda pang'onopang'ono, mofanana. Ndinalila, ndipo Eneless anaganiza kuti ndi ululu n'kuthamangila kukaitana nesi.

Kuchila sikunabwele tsiku limodzi. Pa miyezi iwili yoyamba mtima unkadumphabe nthawi zina, monga dokotala anandichenjezela. Mwendo unali wobiliwila kwa sabata yathunthu. Pang'onopang'ono kutupa kunatha, ndipo temu yotsatila ndinabwelela m'kalasi.

Eneless anabwelela ku Ndake. Ndinamupelekeza mpaka ku Nyimba, ndipo tili pa sitesheni ndinamuuza kuti ndinamulakwila. Anagwedeza mutu n'kukwela galimoto. Timalankhulana pafoni, koma salinso womasuka nane monga kale, ndipo sindimudandaula. ADaka ndinawauza zoona patapita nthawi. Anangofunsa kuti, "Ndiye ukanafa chifukwa cha zimenezo?"

Lelo papita chaka ndi theka. Ndikumwabe mapilitsi oletsa magazi kuundana, ndipo ndimapita kukayezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Dokotala anati mtima wanga sunabwelele mphamvu zake zonse, chifukwa unathamanga nthawi yaitali. Ndimayenda kupita kusukulu ndi kubwelako, koma pokwela mtunda ndimaima kawili.

Inu amene mtima wanu umadumpha kapena kuthamanga popanda chifukwa, pitani kuchipatala msanga, musadikile kugwa. Si onse amene amafunika ablesheni, adokotala ndiwo angakuuzeni. Koma ngati akupatsani thandizo ndipo mukukana, dzifunseni chimene mukukaniladi, ndipo muuze munthu mmodzi chifukwa chenichenicho. Ine ndinachibisa, ndipo amene anandilipilila ndi mng'ono wanga komanso mtima wanga womwe.