Mkaka wa Ng'ombe za Bambo Anga

Ndinataya mkazi wanga. Ndinataya munthu wondigwira dzanja ndikafuna kuthira mchere m'ndiwo ndisanalawe. Ndinataya ulendo wa ku bwalo la ndege, ndi chifukwa chovalira suti imene ndinasoketsa kuti ndikamuperekeze. Mwana anatsala.

Tinadziwana tonse tili ophunzira, ine za nkhalango, iye za zakudya. Anzanga ankandiseka kuti ndapeza wophika wa dipuloma. Iye atamva anati, "Wophika amafunsa ngati zakoma. Ine ndimafunsa ngati wachira."

Maphunziro ake sanali ophweka. Ankaloweza ziwalo za thupi ngati wofuna udokotala. Patchuthi ankamutumiza kukhitchini za zipatala, kumene ankayeza mchere wa odwala mtima pa kasikelo, kukangana ndi achibale obisira odwala shuga nzimbe, ndi kumwetsa phala ana otupikana. Ndiye anandiphunzitsa kutsitsa chikope cha munthu ndi chala: m'kati mukakhala mofiira, magazi alipo, mukayera, thamangani naye.

Chimene ankafuna ndicho kukhala katswiri wovomerezeka wa zakudya za odwala. Sukulu yotero kunalibe kuno masiku amenewo. Malo anawapeza kunja, koma chilolezo chotuluka m'dziko chinkachedwa, poti ankafufuza munthu mpaka kumudzi kwawo. Podikira tinakwatirana, ndipo anaima. A sukulu anavomera kumusungira malowo chaka chimodzi. Tinapangana kuti akachira, mwana atsala ndi amayi anga.

Ntchito yanga inali ku mitengo ya paini ya ku Viphya, kozizira, kutali ndi chipatala. Ndiye mimba itakula ndinakamusiya kwathu, mudzi wa pakati pa Jenda ndi boma lathu. Iye kwawo kunali ku Dedza. Chitumbuka ankangodziwa "yewo", zikomo wa kwathu, ndipo ankamunena pa chilichonse. Sindinade nkhawa. Bambo anali ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Pakhomo pathu chambiko sichinkasowa.

Mvula inagwa kwambiri, ife tinali kalikiliki kubzala mbande, msewu unaduka. Ndinatha nthawi yaitali osapita. Tsiku limene ndinafika ndinamupeza pakhonde akusenda mtedza. Anafuna kuimirira kuti andilandire chikwama, koma anakhalanso pansi, akupuma ngati wakwera phiri. Mapazi anali otupa. Milomo inali yotuwa. Ndinagwada, ndinatsitsa chikope chake. M'kati munali moyera ngati ufa.

Anandikankha dzanja. "Mwayamba liti udokotala, a nkhalango? Ndi malungo chabe, andigwira kawiri. Mankhwala ndamwa."

"Ukudya chiyani?"

"Zambiri. Bonongwe, nyemba, nsinjiro."

"Nyama? Mazira?"

Anayang'ana m'lichero.

Amayi anali kuseri kwa nkhokwe. Ndinawafunsa m'chilankhulo chathu, ndipo ndikukumbukira kuti mawu anga anali otsika kwambiri.

"Mwana wanga, ife tayesa chomene," anatero. "Tsiku loyamba ndinamuikira chambiko pamphasa, sanakhudze. Mawa lake mazira, sanakhudze. Pa Khirisimasi abambo ako anapha mbuzi, chiwindi chonse anati cha mkamwana. Mkazi wakoyo anangoti yewo, n'kugawira ana. Mbwenu ndinasiya. Munthu wapita ku koleji kukaphunzira zakudya, ine wa sukulu ya kwacha ndimuuze zodya? Ndinati mwina zathuzi amaziona zauve. Ndimuchititse manyazi?"

Mkamwana ndi mmene kwathu timatchulira mkazi wa mwana wako.

Ndinabwerera pakhonde. Sindinakhale pansi.

"Akuti unakana chiwindi."

"Sindinakane. Ndimadikira."

"Kudikira chiyani?"

Ndipo anandiuza. Asanachoke ku Viphya, akazi a anzanga a ku makina ochekera matabwa anamukhazika pansi kumulangiza. Anati kwa ife Angoni mkamwana samwa mkaka wa ng'ombe za apongozi, sadya nyama kapena dzira la pakhomopo, kufikira apongozi aamuna atamupatsa mbuzi yomuloleza. Anati akamuikira pamphasa osanena kanthu, adziwe kuti akumuyesa ulemu.

"Iweyo," ndinatero. "Iwe amene umayenda mudzi uno kuuza amayi oyembekezera kuti mazira sameta mwana tsitsi."

"Amenewo ndi ana awo. Ine ndikuchoka, ndikuwasiyira khanda m'manja, ndikupita kutsidya la nyanja ngati wosafuna banja. Ndiyambenso ndi kuphwanya mwambo wa pakhomo pawo? Ndimati mubwera msanga muwakumbutse za mbuziyo. Ndinawerengera bwinobwino, masamba ndi nyemba zikanandifikitsa. Malungo okha ndiwo sindinawawerengere."

Amayi anali ataima pakona ya nyumba. Chichewa amamva. Anagwira kumutu.

"Mwambo uti? Umenewo unatha ndi agogo a mwamuna wako! Ine ndinamwa chambiko tsiku lomwe ndinafika pano!"

Akazi awiriwo anayang'anana. Miyezi yonseyo ankagonera khomo limodzi, kutunga madzi limodzi, kukhala benchi limodzi kutchalitchi, aliyense akulemekeza mnzake. Palibe analira. Mkazi wanga anangoti, "Ha," kenaka anaseka pang'ono, kuseka kumene sindifuna kukumvanso.

Bambo anamva zonse. Anapita kukhola ndi mpeni. Madzulo ake anabweretsa okha chiwindi chowotcha, anagwada pamaso pa mkamwana wawo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu aliyense, ndipo anati, "Idyani, mama." Anadya. Anati chakoma.

Ndinakonza zoti tipite kuchipatala Lolemba. Matenda anayamba Lamlungu m'mawa, nthawi yake isanakwane. Tinamunyamula pangolo mpaka kumsewu, kenaka lole ya matabwa inatitenga. Panjira anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makhadi. Mmodzi anasuzumira, anamuona, anauza dalaivala kuti apite.

Kuchipatala anachita zonse zimene akanatha. Mwana anabadwa wamkazi, wamng'ono, wolira mwamphamvu. Magazi a mayi wake sanaleke. Ine ndinapereka anga, bambo anapereka awo. Dokotala anandiuza pambuyo pake kuti malungo ndiwo anamutha magazi, ndipo thupi linalibe poyambira. Ndinamufunsa ngati akanakhala moyo akanamadya zimene ankamuikira. Anati sangadziwe. Inenso sindidziwa. Funsolo ndimadzuka nalo.

Anandilola kulowa dzuwa litapendeka. Nkhope yake inali itachepa. Anandifunsa ngati mwana ndamuona, ndinati inde. Anafunsa kumene kuli amayi, ndinati ali panja pa kapinga, akukana kulowa. Ndinaganiza kuti anena za sukulu, kuti ndiwalembere asunge malo. Sananene. Anandikoka malaya kuti ndiwerame, ndipo analankhula pang'onopang'ono, monga ankachitira pophunzitsa munthu amene akumukayikira kuti aiwala.

"Musakawakalipire amama, ine sindinawafunse. Mwanayo akamwe mkaka wa ng'ombe za bambo. Muziwiritsa kaye, muzithirako madzi. Mwamva?"