Banga Losamva la Pamsana Panga

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu, zinachitika pathupi langali, ndipo amene akukayika abwere ndimuonetse zipsera. Inali nthawi ya chipani chimodzi, masiku oima pamzere kudikira sopo ndi mafuta ophikira, ine ndili mtsikana wotomeredwa, ndikukhala kwa azakhali ku Kabwata n'kumasoka madiresi a azimayi a ku Kabulonga.

Tsiku lina azakhali akundiyesa diresi langa laukwati, anandibaya ndi phini pamsana mpaka magazi, koma ine ndinkangoseka nkhani zathu. Kenako anandifunsa ngati sindinamve kanthu, poti pamalopo panali banga lotuwa ngati apakapo phulusa. Thupi lako lomwe, kubayidwa osamva, inu mukanatani?

Kuchipatala ba dokotala, bambo wachikulire wolankhula mosathamanga, anandiuza kuti nditsinzine n'kumandikhudza ndi thonje. Pena ponse ndinkamva, pabangapo ayi. Anapapasa mtsempha wa pachigongono, n'kunena motsitsa mawu kuti mwana wanga, limeneli ndi khate, koma tidule kachikopa akakaunike pamakina.

Masabata odikirawo ndinkayenda ngati ndili m'tulo. M'misewu ya ku Woodlands maluwa a jakaranda ankandigwera pamapewa, magalimoto akumveka ngati ali kutali, ine ndikungoyang'ana zala zanga ngati za munthu wina, kudikira kuti nazonso ziyambe kuyoyoka mwakachetechete.

Zotsatira zinabwera zoti m'kachikopamo khate sanalipeze. Azakhali anaimba nthungululu, akuchimuna n'kutumiza mawu oti ukwati ulipo. Koma ba dokotala aja sanamwetulire. Anati maso awo ndi zala zawo zikukana, mwina anadula pakati pomwe matenda anadutsa kale, ndiye adulenso m'mphepete mwa banga. Ndinalira, ndinawada bambo amenewo, ndipo ndinatsala pang'ono osabwererako. Ndani amakana uthenga wabwino?

Kachikopa kachiwiri kanavomereza. Linali khate ndithu, litayamba kale kudya mitsempha. Mnyamata wonditomera uja sanapondenso pakhomo pathu, diresi ndinaligulitsa kwa mtsikana wa ku Chelstone, mankhwala ndinamwa zaka, koma ndinachira osapunduka paliponse.

Lero ndimakhulupirira kuti makina amangoona chimene awapatsa, pomwe munthu amaona thupi lonse. Mukapeza banga losamva musalibise m'malaya, ndipo dokotala akakayikira yankho lokusangalatsani, chonde musamuthawe, bwererani akadulenso.