Mgolo wa Chaka cha Matalala

Azakhali anga akhala akutsuka migolo ya vinyo kuyambira ali mtsikana, ndipo pa makani palibe angawathe. Kwathu timalima mphesa. Chaka chilichonse banja lonse limatsikira m'chipinda chosungira migolo kukalawa vinyo wa zaka zosiyanasiyana, n'kumusanja kuyambira wokoma kwambiri. Wokhala kumchira amapita kwa wopanga viniga kuti malo apezeke.

Nkhani inali pa mgolo wa chaka cha matalala, vinyo womaliza amene amuna a azakhaliwo anafinya asanamwalire. Kunena mosapsatira, vinyoyo ndi wowawasa moti ukalawa maso amatsinzina okha.

Poyamba tinkavota pokweza manja. Azakhali ankangotiyang'ana mmodzimmodzi, manja athu n'kufota. Achimwene anga aakulu anati tizilemba malikisi mobisa. Azakhali anapatsa mgolo wawo khumi, ina yonse ziro, ndipo unapulumuka. Chaka chotsatira alamu anga anabwera ndi nzeru ina: malikisi okwera kwambiri ndi otsikitsitsa azitayidwa.

"Ndiye kuti mukutaya ineyo," anatero azakhali.

"Ayi azakhali, tikungotaya manambala," anayankha alamu.

"Manambalawo walemba ndi galu?"

Tinavotabe, ndipo mgolo uja unagwera kumchira. Ndinawamvera chisoni kwambiri, koma lilime silinama.

M'mawa mwake wopanga viniga anafika ndi galimoto. Titatsika kukatenga mgolowo, tinapeza azakhali atakhala pamwamba pake, miyendo ili lendee, tambula ili m'manja. Anamwa, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Ndi wowawasa, ndikudziwa, lilime ndili nalo inenso," anatero. "Koma mphesa zimenezi amuna anga anachita kutola pansi, matalala akuwamenya pamsana, inu mutabisala pakhonde. Mumakonda mavoti eti? Tiyeni tivote komaliza. Amene akufuna kundinyamula pano akweze dzanja."

Alamu anayang'ana nsapato zawo. Achimwene anayamba kukanda m'khosi mosayabwa. Wopanga viniga anadikira pang'ono, kenako analiza galimoto yake n'kumapita.

Mgolowo ulipobe pakona pake. Chaka chilichonse timavota, ndipo umakhalabe womaliza. Zotsatira zikalengezedwa, azakhali, amene tsopano akuyendera ndodo, amathirira aliyense tambula ya vinyo wa amuna awo, n'kuima pakhomo mpaka titamwa yense.