Chitulo ndi Tiyi wa Azakhali

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, dzina lake panalibe. Anakakhala kuseri kwa tirumu ya azakhali ake, misozi ili chuchuchu, akutafuna kachidutswa ka njerwa kamene anagumula pakhoma. Njerwazo ankadya mobisa, ndipo iye mwini sankadziwa chifukwa chake mtima unkazifuna chotere.

Kusukulu mtsikanayu ankamutchula kuti Chitulo. Aphunzitsi akangotembenukira kubolodi, mutu wake unali utagwera kale padesiki. Akayenda pang'ono, befu. Anthu, monga mukuwadziwa, sachedwa kuweruza: onse anati ndi ulesi.

Azakhali, amene anamulera makolo ake atamwalira, sanapsatire mawu. "Ubwereza kamodzi kokha. Ukalepheranso, sukulu yathera pomwepo, uzitsuka makapu muno."

Tsiku lina anagwa ndi thireyi ya makapu makasitomala akuona. Kuchipatala, namwino anamukoka chikope cham'munsi n'kupeza mkati muli mbee. Atamuyeza magazi, anamufotokozera kuti thupi limafuna ayironi popanga magazi onyamula mpweya, koma iye ankataya wambiri mwezi ndi mwezi akamasamba. Tulo tija, befu uja, ngakhale chilakolako cha njerwa, gwero lake linali limodzi. Anamupatsa mapiritsi a ayironi.

Chitulo analira ndi chimwemwe atamva kuti si waulesi. Azakhali nawo manyazi anawagwira, ndipo anaganiza zopepesa ndi chinthu chimene ankachidziwa bwino. M'mawa uliwonse ankamuphikira tiyi wa masamba ambiri, woti supuni n'kuima yokha. "Mezera uyu mwanangu, akupatse mphamvu."

Nthawi inapita, tulo osachoka, mayeso akuyandikira. Apa ambiri tikanataya botolo n'kunena kuti mankhwala ndi abodza. Iye ayi. Anabwerera kuchipatala, n'kukhala pamzere mpaka anakumana ndi namwino yemwe uja.

"Amayi, sindinadumphitsepo tsiku. Kapena ndizimwa awiriawiri?"

"Usayerekeze," anatero namwino. "Thupi limatenga pang'onopang'ono, ndipo ayironi akachuluka amawononga. Kodi umamwera chiyani?"

"Tiyi wa azakhali."

Namwino anagwira pakamwa. "Wakuba wako ndi ameneyo! Tiyi amamanga ayironi m'mimba, wolowa m'magazi amachepa. Uzimwera madzi, uzidya lalanje, tiyiyo azidikira masana."

Azakhali atamva anadumpha. "Tiyi wanga ine? Amene anthu amachita kuimira pamzere?" Ananyanyala tsiku lonse. Koma m'mawa mwake pathebulo panali kapu ya madzi ndi lalanje losenda kale.

Zinthu sizinasinthe lero ndi lero. Choyamba anazindikira kuti akudutsa pakhoma paja osaliyang'ana. Kenako anamaliza phunziro la masamu maso ali gwa, mpaka aphunzitsi anafunsa ngati kwabwera mwana watsopano. Koma anali atatsalira kutali. Ankayimika buku pashelefu ya shuga, n'kumawerenga uku akutsuka makapu. Makasitomala ankamuseka kuti buku limwa nawo tiyi, iye osatembenuka n'komwe.

Zotsatira zitatulukanso, dzina lake linalipo. Azakhali analulutira mpaka ketulo inauma pamoto.

Lero Chitulo amayeza magazi m'chipatala chomwe chija. Dzinalo linamukanirira, ndipo sadandaula nalo. Mayi akabwera ndi mtsikana n'kuyamba kuti, "Mwana uyu ndi waulesi," iye amayamba wamukoka chikope mwanayo. Ndipo palibe amene amatuluka ndi mapiritsi asanayankhe funso lija lakuti akamwera chiyani.

Inu amene mwachita zonse zimene anakuuzani koma sizikuyenda, musafulumire kudzitchula wolephera. Mwina chokutchingani n'chaching'ono, ndipo mukuchilandira m'mawa uliwonse m'manja mwa munthu wokukondani. Bwererani mukafunsenso. Mtima wokhawo musautaye.