Mbuzi ya Amalume Inalowa M'buku

Ndinali mwalimu wa ana aang'ono pasukulu ya mishoni kufupi ndi Meluluca, nthawi imene dziko lathu linali m'manja mwa Kampani ya azungu imene inkatilamulira. Sukuluyo inali ya mabango ndi udzu. Ana ankayamba kulemba pamchenga, kenaka pasileti, ndipo akadziwa zilembo chowerenga chawo chinali katekisimu basi. Ankamuloweza ngati nyimbo, maso ali kunja.

Chaka china apadiri, wansembe amene ankatiyendera pa sitima ya panyanja ya mishoni, anandiuza kuti ndilembe tinkhani tatifupi m'Chinyanja chathu, kuti akatisindikize ku Likoma kumene kunali makina.

Ndinayamba ndi nkhani za malangizo: mwana womvera, mwana waulesi, mwana wonama. Nditawawerengera ana anga, ena anayasamula, wina anayamba kutola nsabwe m'mutu mwa mnzake. Ndinafika kunyumba wokhumudwa. Mkazi wanga, amene ankayanika chinangwa pathandala, anandimvetsera osasiya ntchito.

"Inu mwalemba ana osakhala mumudzi uliwonse," anatero. "Bwanji osalemba za mbuzi ya amalume?"

Amalume a mkazi wanga anali msodzi wachikulire, wamfupi, wokonda ulemu wake. M'mawa wina mbuzi yawo inalowa m'bwato n'kugona pansi pa ukonde. Iwo anakankha bwato osadziwa. Atafika pakuya, mbuziyo inadzuka n'kulira, ndipo mkuluyo anadzidzimuka n'kugwera m'madzi. Kamphepo kanabweza bwato kumtunda, mbuzi itaima kutsogolo ngati mwini wake, iwo akusambira pambuyo nkhafi ili m'manja. Amayi otunga madzi padooko anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Ndinalemba nkhaniyo m'mawu afupiafupi, mbuziyo n'kuitcha tonde, dzina la munthu osalitchula. Anawo anaseka, n'kulimbirana kuti awerenge okha. Ndinawonjezera zina za mtundu womwewo, za nkhuku imene inaikira mazira m'dengu la usipa, za mwana amene anathawa mthunzi wake. Sitima itabwera ndinapereka mapepala kwa apadiri.

Mvula inagwa, inatha. Mwera unayamba. Ndinafika poganiza kuti mapepala aja anatayika. Kenaka tsiku lina amalinyero anatsitsa kamtolo kokulunga m'nsalu ya thanga la ngalawa. Munali timabuku tating'ono, tosokedwa ndi ulusi, tonunkha inki. Ndinatsegula kamodzi ndipo ndinaona mawu amene ndinalemba pakhonde panga ataima mwadongosolo ngati a m'buku la mapemphero. Mkazi wanga anapukuta manja kawiri asanakagwire.

Timabuku tinali tochepa, ndiye ana ankawerenga atatu kapena anayi pa kamodzi, mitu itagundana. Pasanathe nthawi mudzi wonse unadziwa. Ana ankaweta mbuzi akufuula, "Mbuzi yakwera bwato! Munthu wagwa!"

Masana ena amalume anafika pasukulu atavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Ndinawapatsa mpando pansi pa mtengo wa mango, ine ndinakhala pansi.

"Amwalimu, ndamva kuti mwandiika m'buku," anatero.

"Pepani amalume, dzina lanu mulibemo."

"Nanga pali wina pagombe lino amene mbuzi inamulanda bwato? Tawerengani ndimve."

Ndinawerenga pang'onopang'ono. Anamvetsera maso ali pansi. Nditamaliza anapukusa mutu.

"Mwalakwitsa pawiri. Sanali tonde, unali msoti, ndipo unali ndi bere. Komanso sindinagwe ayi. Bwato linapendekeka, ine ndinadumpha kuti mbuzi ingamire. Konzani."

Ndinawafotokozera kuti chosindikizidwa sichifufutika ngati sileti, ndipo timabuku tina tinapita kale ku masukulu ena, ku Nkholongue ndi kupitirira.

"Mpaka ku Nkholongue?" anafunsa. Nkhope yawo inamasuka pang'ono. "Kumeneko kuli achibale a malemu mkazi wanga."

Tinagwirizana kuti mawa lake abwere adzauze ana okha mmene zinakhalira. Anabweradi, ndi nkhafi yomweyo. Anaima kutsogolo n'kusonyeza mmene anapalasira, mmene mbuzi inalirira, mmene anadumphira. Mtsikana wina anaimika dzanja n'kunena kuti amayi ake anali padooko ndipo anawaona akugwa chagada. Amalume anamuyang'ana, kenaka anaseka kwambiri mpaka kutsokomola. Kuyambira pamenepo, gulu latsopano la ana likafika pa nkhani imeneyo, ndinkatuma wina kukawaitana.

Apadiri ananena kuti akadzasindikizanso tidzasintha tonde akhale msoti. Koma sizinatheke. Zaka zotsatira zinali zovuta. Asilikali a Kampani ankafika pafupipafupi kudzagwira amuna a mtengatenga, oti azikawanyamulira katundu, ndipo mabanja ambiri anawoloka nyanja kapena kukwera kumapiri. Ana anachepa m'sukulu. Amalume nawonso ananyamuka ndi ana awo kupita kutsidya. Podzatsanzika anapempha kabuku kamodzi, ngakhale sankadziwa kuwerenga, ndipo ndinawapatsa kamene kanali kabwino kuposa tonse.

Totsalato tinatha pang'onopang'ono. Chiswe chinadya tina, tina tinang'ambika m'manja mwa ana, ndipo ndinkasoka masamba ndi ulusi wa ukonde mpaka posokapo panatha. Ambiri mwa amene anaphunzira kuwerenga ndi timabukuto tsopano ndi agogo.

Amalume sindinawaonenso. Msodzi wina wochokera kutsidya anatiuza kuti anakhala zaka zingapo ali bwino, akusoka maukonde a anthu, ndipo anamwalira m'nyengo ya chimfine chachikulu chimene chinapha anthu ambiri. Mkazi wanga anapita kukalira maliro ndi achemwali ake, ine ndinatsala ndi ana a sukulu.