Chifalansa cha pagalasi lometera

Amuna anga akhala akumeta anthu zaka makumi atatu, ndipo mumsewu mwathu aliyense amangowatchula kuti a Lumo. Kachipinda kawo kali ndi mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira, ndi galasi lalikulu long'aluka pakona. Ndi munthu woti akati achita chinthu, musavutike n'kuwaletsa. Ine ndinasiya kalekale.

Mwana wathu wamkazi anakwatiwa kutali ndi mwamuna wolankhula Chifalansa. Mdzukulu wathu wamkazi anabadwira komweko, moti pofika zaka zisanu ankadziwa chilankhulo chimenecho basi. Akangoona nkhope ya agogo ake pafoni, ankathawa. Iwo ankaseka, koma ine ndinkadziwa kuti zikuwapweteka. Titamva kuti akubwera pakatha miyezi itatu, anandiuza kuti, "Mayi, mwana ameneyu sandithawa pakhomo panga. Ndiphunzira."

Ndiye kuphunzira kwake! Mwana wathu ankawatumizira mawu pafoni, iwo n'kumawalemba pagalasi ndi sopo. Kukakhala kopanda kasitomala ankaima pagalasipo, n'kusongola milomo ngati akufuna kuimba mluzu, kenako n'kumakhosomola mawu kuchokera kukhosi. Tsiku lina telala wa khomo loyandikana anathamanga ndi kapu ya madzi poganiza kuti atsamwidwa. Odikira pabenchi ankafunsa kuti, "A Lumo, tiitane ambulansi?" Iwo amvekere, "Sekani lero, mudzandifunsa mawa."

Vuto ndinaliona mochedwa. Mawu onse amene ankapempha anali a ntchito yawo: khala pansi, weramitsa mutu, usagwedezeke, khutu, chipeso, tamaliza. Ndinawakalipira. "Inu, mdzukulu si kasitomala! Bwanji osaphunzirako zoti 'ndinakusowa'?" Anati zimenezo n'zazing'ono, aphunzira sabata yomaliza. Sabata imeneyo sukulu zinkatsegulidwa, benchi inali yodzaza kuyambira m'mawa, ndipo sanaphunzire.

Alendo atafika, anadzera kometerako. Kamtsikanako kanakakamira siketi ya mayi ake, maso ali tong'o. Amuna anga anatsegula pakamwa, koma ngakhale moni yemwe anawathawa. Mwana anayamba kupinda milomo kuti alire, ndipo ine ndinati basi, miyezi itatu yapita pachabe.

Koma iwo anangochita zimene amachita tsiku lililonse. Anakuntha mpando ndi thaulo, n'kuutembenuzira kwa mwanayo, n'kunena momveka bwino kuti, "Assieds-toi." Khala pansi. Mwana anawayang'ana, anayang'ana mayi ake, kenako anakwera.

"Baisse la tête," anatero, iye n'kuweramitsa mutu. Sanamumete ayi. Anatenga chipeso n'kumamupesa pang'onopang'ono, akutchula mphumi, khosi, tsitsi, zonse m'Chifalansa. Atafika pa khutu, lilime linawakanika. Mwana anaphulika kuseka, n'kuwaonetsa pagalasi mmene milomo imakhalira. Anabwereza kanayi mpaka mphunzitsi wawoyo anavomera.

"C'est fini," anatero pomutsitsa, kutanthauza kuti tamaliza.

Mwanayo anakweranso yekha pampando, n'kuwapatsa chipeso m'manja. "Encore, papi."

Mawu amenewo panalibe pagalasi paja. Mwana wathu anafuna kumasulira, koma bambo ake anakweza dzanja. "Usavutike, mwananga, ndamva."

Ine ndinatuluka kukalirira panja, ndipo telala uja anabweranso ndi kapu yake ya madzi.