Lilime la Amuna Anga ndi Mbuzi Yanga

Kwathu kuno munthu akadziluma lilime pakudya, timati pali wina akumunena. Ana a masiku ano amangoseka n'kupitiriza kutafuna. Koma zaka za chipani chimodzi zija kunenedwa sikunali koseketsa. Munthu wonenedwa ankatengedwa pa galimoto, ndipo ena sitinawaonenso.

Amuna anga anadziluma tsiku lina masana akudya chimanga chokazinga. Anali munthu wodya ngati akuthamangitsidwa, uku akuyankhula chakudya chili m'kamwa. Ndinangomva "Mayo!", magazi ali chuchuchu. Ndinang'amba kansanza koyera n'kuwauza kuti apsinje pabalapo mpaka magazi aleke. Kenako ndinafunditsa madzi, n'kuthiramo mchere kuti achukuche m'kamwa. Zikanathera pomwepo, koma tsoka ilo alamu anga, achemwali awo, anali atabwera kudzacheza.

"Achimwene, ameneyo ndi munthu," anatero alamuwo. "Akukunenani, ndipo si zabwino ayi. Taonani magaziwo."

Amuna anga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali, chifukwa tinali ndi kachinsinsi kathu. Mwezi umenewo a chipani ankayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa mphatso zopita kwa mtsogoleri wa dziko. Kwina ankatenga mazira, kwina dengu la manachesi, ndipo pakhomo pathu analoza mbuzi. Mbuziyo inali yanga, yaikazi, yabere, yomwe amalume anandipatsa nditabereka mwana woyamba. Amuna anga anabwera kuchikamwini kuno ndi khasu ndi bulangete basi. Koma nzeru yoti tikaibise kwa alongo anga kuseri kwa phiri inali yawo, ndipo ndi iwo omwe anakauza atcheyamani a chipani m'mudzi mwathu kuti yagwidwa ndi fisi. Anachita kuwasonyeza ndi pomwe fisiyo anaikokera.

M'mawa mwake anadzilumanso, pabala pomwepo. Tsiku lachitatu anadziluma akumwa phala. Phala, anthuni! Lilime linatupa mpaka mawu ankatuluka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kumunda anasiya. Ankangokhala pakhonde n'kumakumbukira adani: uyu tinakangana za malire, uyu ndinamumana fodya, uja anandiyang'ana moipa kutchalitchi. Njinga ikangolira belu panjira ankathawira m'nyumba.

Ndinatopa nazo n'kuwakokera kuchipatala ku Ligowe. Adokotala anali a kumpoto, Chichewa chawo chotsimphina koma chomveka. Anawayasamitsa n'kuunika m'kamwa ndi tochi.

"Bambo, dzino lanu lakumapetoli lathyoka, latsala lakuthwa ngati mpeni. Lilime likatupa limadzaza m'kamwa, n'chifukwa chake mukungoliluma. Muzichukucha ndi madzi amchere, muzidya zofewa, tsabola ayi. Likapola mubwere tidzazule dzinolo."

Anawapaka jivi, mankhwala apepo aja, milomo ndi mano omwe zinachita kuda. Pobwerera ndinati, "Mwamva? Ndi dzino."

"Iwe, ameneyo ndi mlendo, adziwa chiyani za kuno? Katatu konse? Dzino limadziwa za mbuzi?"

M'mawa mwake anavala jekete la kutchalitchi n'kutuluka osatsanzika. Zomwe anakachita ndinazimva pambuyo pake kuchitsime, kwa akazi a atcheyamani, omwe ankafotokoza misozi ikutuluka ndi chiseko. Akuti amuna anga anafika n'kugwada pabwalo, kukamwa kuli bii, n'kuyamba kupepesa. Anaganiza kuti bola kukalapa okha nkhani isanafike ku Boma. Atcheyamani anangoti kukamwa yasa. Sankadziwa kalikonse, palibe anali atawauza kanthu. Za fisizo anali atazikhulupirira ndithu, mpaka anali atatchinga khola lawo ndi minga.

Atafunsidwa kuti anabisa mbuziyo ndani, amuna anga, bambo a ana anga, anayankha kuti, "Ndi akazi anga, bwana. Ine ndine mkamwini, pa mbuziyo ndilibe mawu."

Masana anabwera anyamata a chipani a malaya ofiira. Anandikweza phiri kukatenga mbuzi, n'kundiyendetsa nayo m'mudzi monse chingwe chili m'manja. Pabwalo anandigwadika padzuwa, amayi anzanga omwe ndinkavina nawo m'misonkhano akundiimba nyimbo zachipongwe. Mmodzi wa anyamatawo, yemwe ndinamuona akadali wamamina, anandiwomba mbama pamaso pa ana anga. Ndinkangomvetsera ngati kukubwera galimoto. Mantha ngati a tsiku limenelo sindinawamvenso. Amuna anga anaima kumbuyo kwa gulu, atagwira tsaya, kuti anthu aone kuti akudwala.

Galimoto sinabwere. Atcheyamani ananena kuti popeza mwamuna waonetsa kukhulupirika, mkazi akhululukidwe, ndipo anthu anawombera amuna anga m'manja. Mbuzi anati ikwera lole pamodzi ndi mphatso zina. Kaya inakweradi, kaya. Ndikudziwa chabe kuti mvula itayamba, m'khola la minga lija munkadumpha tiana tiwiri ta mawanga omwe ndinkawadziwa bwino.

Dzino anakazula patapita sabata ziwiri, kudziluma n'kutheratu. Koma inu mukuganiza kuti anathokoza adokotala? Mpaka ukalamba wawo ankauza alendo kuti, "Chilapireni sindinadzilumenso, zinthu izi n'zoona." Alamu anga n'kumavomereza ndi mutu. Ine ndinkawaphikira, kuwachapira, ndipo atamwalira ndinalira monga mwa mwambo. Koma kuwakhululukira sindinawakhululukire, ndipo sindibisa.

Adzukulu anga akadziluma ndimawapatsa kansalu koyera ndi madzi amchere, n'kuwayang'ana mano. Wina akayamba zoti akukunena, ndimamuuza za m'mawa uja. Nthawi yomwe amuna anga ankatchula dzina langa kwa atcheyamani, ine ndinali pakhonde kutafuna chimanga chokazinga chomwe iwo anachilephera. Ndinamaliza mbale yonse osadziluma ngakhale pang'ono.